Chizungu Chikathawa Pakamwa: Zizindikiro, Zoyambitsa ndi Chochita

Ndimaphunzitsa Chingerezi anthu akuluakulu madzulo kuno ku Area 25, m'kalasi yobwereka ya pulayimale yomwe mabenchi ake ndi aafupi moti abambo aatali mawondo amawafika pachifuwa. Amabwera alonda, amayi a kaunjika, madalaivala, anyamata obwereza mayeso a MSCE, ngakhalenso ena a mataye ochokera ku Capital Hill. Teremu iliyonse dandaulo ndi lomwelo: "Aphunzitsi, ndikakhala ndekha chimatuluka bwinobwino, koma ndikangoima pamaso pa abwana chimathawa." Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pakhomo la kalasi uku minibasi zikutha pamsewu, ndiye ndati ndilembe pamodzi.

Ambiri mwa anthu amenewa mawu ali nawo. Chimene chimawagwira pakhosi ndi mantha osekedwa, ndipo dikishonale sichiza mantha. Vutoli si la kuno kokha. Mu 1986, Elaine Horwitz, Michael Horwitz ndi Joann Cope a ku yunivesite ya Texas anakonza mafunso 33 oyezera nkhawa ya ophunzira chiyankhulo chachilendo, ndipo anaigwirizanitsa ndi mantha atatu: oyankhula ndi anthu, a mayeso, ndi oweruzidwa ndi ena. M'kalasi mwanga mantha oweruzidwa ndi enawo ndiwo mfumu.

## Yambani ndi kuyesa uku

Tengani foni, tsegulani pojambulira mawu, mudzitsekere kuchipinda. Fotokozani m'Chingerezi kwa mphindi 2 mmene mwayendera lero kuchoka kunyumba kufika kuntchito: minibasi, kondakitala, chenje, mdipiti wa galimoto pa mlatho wa Lilongwe. Kenako mverani.

- Ngati mwafika kumapeto, ngakhale mokhotakhota, mawu muli nawo. Vuto ndi mantha.
- Ngati mwakakamira ngakhale muli nokha, mukufunika kuwonjezera mawu ndi kuyeserera. Mantha akungobwera pambuyo.
- Ngati zomwezo zimakuchitikiraninso m'Chichewa, kaya pa banki m'khonde kaya popereka moni kutchalitchi, gwero lake si chiyankhulo. Werengani gawo lomaliza kaye.

## Chizindikiro 1: Mwafunsidwa funso, m'mutu mwangoti zii

Bambo wina mlonda wa ku Area 47 amatha kundibwerezera nkhani zonse za Chingerezi zimene wamva pa wailesi usiku, mayina a nduna ndi manambala omwe. Koma abwana ake akatulutsa mutu pawindo la galimoto n'kufunsa komwe kuli makiyi a geti yakuseri, iwo amangoti "Yes, madam", makiyiwo ali m'thumba mwawo.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Kudziyang'anira uku mukuyankhula. Ubongo uli ndi kamalo kochepa koikapo zimene ukugwiritsa ntchito panthawiyo, ngati kabenchi ka wogulitsa tomato. Chichewa sichidya malo pabenchipo chifukwa chimabwera chokha. Chingerezi chimafuna malo ambiri. Nkhawa ikafika imayalapo katundu wake: akundiona bwanji, tensi ija ndalakwitsa, mawu anga akunjenjemera. Mawu amene mumafuna amagwera pansi.

- Poyesa: kodi mukukumbukira nkhope ya wofunsayo ndi mmene munkamvera m'thupi, koma funso lenilenilo mwaliiwala? Ndi chimenechi.
- Chochita: khalani ndi ziganizo ziwiri zogulira nthawi, zoloweza mpaka kufika potuluka zokha ngati Atate Wathu. "Let me think for a moment." "Could you say that again, slowly?" Masekondi 5 amenewo amakwana kuti benchi lichepe katundu. Safunsa anadya phula, ndipo eni chiyankhulo nawonso amafunsana kuti abwereze.

2. Kumanga chiganizo chonse m'Chichewa kenako n'kumachitembenuza. Chiganizo chathu chimakonda kuyamba ndi ulemu ndi kuzungulira, ndiye pofika pakati potembenuza mwaiwala mutu wake.

- Chochita: yambani ndi yankho lenileni m'mawu atatu kapena anayi, zifukwa zibwere pambuyo. "It's in my pocket." Basi. Zina muwonjezera mtima ukakhazikika.

3. Kuloweza liwu ndi liwu. Ili ndi tchimo la okonzekera intaviyu. Amalemba tsamba lonse la mbiri yawo n'kuliloweza. Liwu limodzi likasowa, khoma lonse limagwa.

- Chochita: gwirani mfundo zitatu zokha pa zala, ndipo muzinene kasanu m'njira zisanu zosiyana. Mukatero mulibe chiganizo chimodzi choti chikutayikeni.

4. Njala ndi tulo. Amene wachoka pa shifiti ya usiku kapena wafika kuintaviyu ya 2 koloko masana atangomwa tiyi wa m'mamawa asadabwe. Idyani kanthu.

## Chizindikiro 2: Yankho mukulidziwa, koma pakamwa simutsegula

Pamsonkhano wa kuofesi mfundo muli nayo, mwaikonza kale m'mutu kawiri, koma mukudikira mpaka wina ainene. Mukatuluka mumadzitukwana njira yonse mpaka ku depoti.

1. Munasekedwapo kapena kulangidwa. Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ambiri tinapwetekera. Ndili Sitandade 6, kusukulu kwathu kunali kathabwa komangidwa ndi chingwe cha khonje, kolembedwa kuti "Vernacular Speaker". Ukamveka ukuyankhula Chichewa ankakukoleka m'khosi, ndipo iwe unkayenera kusaka mnzako woti umupatsire. Wotsala nako belu lomaliza likalira ankatchetcha udzu kuseri kwa zimbudzi. Aphunzitsi ankati akutiphunzitsa Chizungu. Chimene tinaphunzira n'chakuti njira yosavuta yopewera kathabwako ndi kukhala chete tsiku lonse. Tinaphunziranso kutchera khutu pakamwa pa anzathu kudikira kuti aphonye. Anthu omwewo lero ndi akuluakulu, ali m'maofesi a ku City Centre, ndipo khutu lija likadali tcheru. N'chifukwa chake Mmalawi amayankhula momasuka ndi mzungu kapena Mtchaina wa m'sitolo, koma amauma pakamwa pakakhala Amalawi anzake.

- Poyesa: dzifunseni kuti mukuopa ndani kwenikweni m'chipindamo. Nthawi zambiri ndi munthu mmodzi, ndipo si bwana.
- Chochita: kwerani makwerero pang'onopang'ono. Sabata yoyamba tumizani uthenga wa mawu wa Chingerezi pa WhatsApp kwa mnzanu mmodzi amene mwagwirizana naye kuti sakonza chilichonse. Yachiwiri funsani mtengo m'Chingerezi m'sitolo yomwe sakudziwani. Yachitatu nenani chiganizo chimodzi pamsonkhano, ndipo muchinene m'mphindi 10 zoyambirira, mantha asanakhwime. Musalumphe sitepe, komanso musakhale pa sitepe imodzi mwezi wathunthu.
- Kuthawa kumapereka mpumulo wa lero, koma kumanenepetsa mantha a mawa. Nthawi iliyonse mukapempha mnzanu kuti akuyankhulireni, ubongo umalemba kuti mwapulumuka pangozi.

2. Manyazi ndi katchulidwe. Zolakwitsa zimene timasekana nazo zili ndi zifukwa zomveka. M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi. Polemba timaika r pambuyo pa i ndi e, monga mbiri ndi bwera, ndipo l kwina konse, monga mbale ndi kulima. Lilime lomwe lakula choncho likamasokoneza "pray" ndi "play" likungotsata lamulo la kwawo. Mawu athu onse amathera ndi a, e, i, o kapena u, n'chifukwa chake tili ndi buku ndi sukulu, ndipo pakamwa pamafuna kuwonjezera kalembo kumapeto kwa mawu a Chingerezi. Tilinso ndi "iye" mmodzi wa mwamuna ndi mkazi yemwe, ndiye "he" ndi "she" amasinthana ngakhale pakamwa pa anthu a madigiri.

- Chochita: sankhani mawu 10 okha amene mumawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku pantchito yanu, muwayeserere mpaka amveke. Ena onse asiyeni. Cholinga ndi kumveka, Chizungu cha m'mphuno chilibe malipiro apadera.

3. Kudikira chiganizo changwiro. Awa ndi amene anakhoza bwino galamala kusukulu. Amalemba bwino kuposa onse, koma poyankhula amafuna chiganizo chichapidwe ndi kusitidwa chisanatuluke. Dzipatseni lamulo lakuti zolakwitsa zitatu patsiku ndi zololedwa, ndipo muziwerenge. Mudzaona kuti palibe wina amene amaziwerenga.

4. Ulemu. Ena anakula akuuzidwa kuti mwana sayankha akulu akamayankhula. Kukhala chete kwawo si mantha a chiyankhulo kwenikweni. Pemphani wotsogolera msonkhano kuti azikutchulani dzina ikafika nthawi yanu. Mukapatsidwa mpata ndi wamkulu, pakamwa pamamasuka.

## Chizindikiro 3: Mtima ukugunda, manja thukuta, mawu akunjenjemera

1. Thupi lakonzekera ngozi yomwe kulibe. Limatulutsa adrenaline, mankhwala a m'thupi otikonzekeretsa kuthawa kapena kumenyana, monga lingachitire galu wolusa atakutulukirani pa geti. Mtima umathamanga, malovu amauma, mpweya umafupika. Sizivulaza, ndipo zimatsika zokha pakapita mphindi zingapo ngati simuthawa.

- Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mpaka 6. Chitani kasanu musanalowe. Kutulutsa kwautaliko ndi kumene kumatsitsa mtima.
- Pondani pansi ndi mapazi onse awiri, imwani madzi pang'ono.
- Yankhulani mochedwa kuposa mmene mukufunira. Wamantha amathamanga kuti athane nazo, ndipo kuthamangako ndi kumene kumamupunthwitsa.

2. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu. Anyamata okonzekera mayeso amamwa zitini ziwiri m'mimba muli mbee, kenako n'kumadabwa manja akunjenjemera. Tsiku la intaviyu zisiyeni.

3. Mankhwala kapena matenda ena. Mankhwala opopera a mphumu monga salbutamol amatha kuthamangitsa mtima ndi kunjenjemeretsa manja. Kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro nazonso zimatero. Poyesa: ngati mtima umathamanga ngakhale mutangokhala pakhonde osayankhula ndi munthu, kayezetseni kuchipatala.

## Chizindikiro 4: Pamaso mumamva, koma pafoni simumva kanthu

1. Pafoni palibe milomo, manja ndi nkhope zothandiza kumva, ndipo netiweki imadula mawu. Izi zimavuta aliyense. Lembani mfundo zanu papepala musanaimbe, bwerezani zimene mwamva kuti winayo atsimikize, ndipo manambala ndi madeti pemphani kuti akutumizireni pa meseji.
2. Khutu linazolowera Chingerezi cha aphunzitsi a kuno chokha. Cha Mmwenye, cha ku Nigeria ndi cha ku America chili ndi kayimbidwe kosiyana. Mverani nkhani pa Zodiak kapena MBC m'Chichewa kaye, kenako zomwezo m'Chingerezi. Mukazolowera, onjezerani mawailesi akunja.
3. Makutu enieniwo. Ngati kunyumba amadandaula kuti mumakweza wailesi, kapena mumati "mwati bwanji?" kawirikawiri ngakhale m'Chichewa, kapimitseni makutu.

## Chizindikiro 5: Imelo ya mizere itatu ikukutengerani ola lathunthu

Chofala ndi kuopa kuti cholembedwa sichifufutika. Dziikireni mphindi 10, werengani mokweza kamodzi, tumizani. Sungani maimelo asanu abwino amene munalandirapo muzitengerapo kayambidwe ndi kamalizidwe. Kupitirira apo n'kungodzizunza.

## Chizindikiro 6: Usiku tulo osabwera, mukubwereza cholakwitsa cha masana

1. Kuganiza kuti aliyense anamva ndipo akukumbukira. Mayi wina wa m'kalasi mwanga ananena "my husband, she is sick" popempha tchuthi, ndipo anakhala masiku atatu akuzemba ofesi ya abwana ake. Atalimba mtima n'kulowa, abwanawo anangofunsa kuti, "Bambo aja ali bwanji tsopano?" Chimene anamva iwo ndi matenda.

- Chochita: lembani cholakwitsacho m'kope, pambali pake lembani cholondola, tsekani kope. Lembaninso chinthu chimodzi chimene chinamveka bwino tsikulo. Ubongo ukadziwa kuti nkhani yasungidwa penapake umasiya kuibwereza.

2. Pali zambiri zimene zapachikidwa pa Chingerezicho. Kuno munthu sapatsidwa satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, ngakhale masamu atakhoza bwanji. Malamulo a dziko amafunanso kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Ndiye tinakula tikuyesa nzeru za munthu ndi Chizungu chake, ndipo liwu limodzi likaphonyeka timamva ngati ulemu wathu wonse wagwa. Ine ndimaona kuti muyeso umenewu ndi wabodza: makaniko wa ku Biwi amene amamva vuto la injini ndi khutu lokha sachepa nzeru chifukwa cha "he" ndi "she". Koma kudziwa zimenezi sikuchotsa mayeso, ndiye patulani nthawi yokonzekera masana, usiku ukhale wogona.

3. Pali munthu amene amakunyozani dala. Kukonza n'kosiyana ndi kunyoza. Wokonza amakuuzani panokha, wonyoza amadikira gulu. Muuzeni poyera kuti, "Achimwene, mukaona cholakwika mundiuze patokha." Akapitiriza, nkhaniyo ndi ya khalidwe pantchito, ipite kwa oyang'anira antchito.

## Chizindikiro 7: Mukamayankhula Chingerezi mumadziona ngati munthu wina

Ena amati amamva ngati achita mwano. N'zomveka: ife tili ndi "iwe" ndi "inu", pomwe Chingerezi chili ndi "you" mmodzi wa mwana ndi agogo omwe. Kunena "you" kwa apongozi kapena abusa kumalemera pakamwa. Ulemu wa Chingerezi umakhala m'mawu ngati "could you" ndi "would you mind", ndiye gwiritsani ntchito amenewo mtima ukhale m'malo.

Ena amadabwa kuti mawu achikondi kapena otukwana m'Chingerezi amatuluka mopepuka, pomwe a Chichewa amawotcha. Ofufuza monga Jean-Marc Dewaele analemba zambiri pa nkhani imeneyi: chiyankhulo chimene unayamwira chimagwira mtima kwambiri kuposa chimene unaphunzira pa bolodi. Palibe chofunika kukonza apa, kungosamala kuti liwu limene kwa inu ndi lopepuka kwa mwini chiyankhulo likhoza kukhala lolemera.

Kupsa mtima nakonso kumabwera, makamaka kwa munthu wodziwa kuseketsa anthu m'Chichewa amene m'Chingerezi amasanduka wouma ngati chikuni. Zimachepa mawu akamachuluka. Kusakaniza ziyankhulo ziwirizi pocheza si mlandu, Lilongwe yense amatero.

## Ngati chiyankhulo chachiwiricho ndi Chichewa

Si onse mumzinda uno amene Chichewa n'chakwawo. Chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, koma wochokera ku Rumphi, ku Karonga kapena ku Mangochi amafika nacho ngati chovala chobwereka, ndipo a kumsasa wa othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa amayamba ndi ziyankhulo zina monga Chiswahili kapena Chifalansa. Zonse zili pamwambazi zimawakhudza chimodzimodzi, kungoti owaseka ndife. Mnzanu akasokoneza "chimene" ndi "limene" mumsika wa Tsoka, muyankheni zimene wafunsa. Kubwereza katchulidwe kake kuti anthu aseke ndi kathabwa kaja kam'khosi.

## Mwana amene wasiya kuyankhula kusukulu

1. Wangosamukira kusukulu yophunzitsa m'Chingerezi chokha. Ana ambiri amayamba ndi kumvetsera okhaokha kwa masabata kapena miyezi ingapo. Ngati akusewera ndi anzake ndipo akumva malangizo, musamukakamize.
2. Akusekedwa kapena kulangidwa. Mufunseni mukuyenda kapena mukutsuka mbale, osati mutamukhazika pampando ngati kukhoti. Kenako kaonaneni ndi aphunzitsi.
3. Kunyumba mwaletsa Chichewa kuti "azolowere". Musatero. Mwana wolimba m'chiyankhulo chake amaphunzira chachiwiri mosavuta, ndipo amafunika malo amodzi omwe sakuyesedwa.
4. Samva bwino, kapena ali ndi chibwibwi chimene akubisa.

## Pamene muyenera kusiya zoyesa nokha

Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, monga ku Kamuzu Central, ngati:

- mawu asokonekera mwadzidzidzi ngakhale m'Chichewa, kamwa yapotoka, kapena dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zafooka; izi zikhoza kukhala sitiroko;
- pachifuwa pakupweteka kapena kuthina, mukubanika, kapena mwakomoka;
- mukuganiza zodzipha kapena kudzivulaza. Uzani munthu amene muli naye pafupi pompano, ndipo musakhale nokha.

Kaonaneni ndi a zaumoyo wa m'maganizo ngati:

- mantha akuchititsani kukana ntchito, kusiya sukulu kapena kujomba mayeso;
- mantha aakulu amakugwirani mwadzidzidzi popanda chifukwa, mpaka kumva ngati mukufa;
- kwa masabata awiri kapena kuposerapo simukugona, simukudya bwino, ndipo zimene munkakonda sizikukusangalatsani;
- mwayamba kudalira kachasu, mowa kapena chamba kuti mulimbe mtima musanayankhule;
- mwayesa makwerero aja kwa miyezi itatu osasintha kanthu;
- mwana amayankhula bwino kunyumba koma kusukulu wakhala duu kupitirira mwezi, ngakhale m'chiyankhulo chimene amachidziwa.

Musagule mapiritsi ogonetsa kapena otsitsa mtima chifukwa choti mnzanu anamwa asanalowe intaviyu. Diazepam amazolowereka msanga, ndipo propranolol ndi woopsa kwa odwala mphumu. Amenewa alembedwe ndi dokotala amene wakupimani.

Kuno ku Lilongwe mungayambire pa chipatala chaching'ono cha m'dera lanu kuti akutumizeni koyenera. Ku Bwaila kuli gawo loona za matenda a m'maganizo, ndipo a St John of God ali ku Area 43. Ana ndi achinyamata angathe kuimba 116, nambala yaulere ya Tithandizane. Popita tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, ndipo lembani papepala kuti zinayamba liti, zimabwera pati, ndiponso zimatenga nthawi yaitali bwanji. Dokotala akayamba ndi Chingerezi, muuzeni kuti, "Adokotala, ndifotokoze m'Chichewa."